Funsani za Makompyuta: Ndinati Masekondi Awiri, Yabwera Patatha Asanu

Makalata anayi mwa amene afika mwezi uno akulira maliro amodzi, ngakhale eni ake sadziwana. Onse anauza kompyuta kuti ichite chakuti pa nthawi yakuti, iyo n'kuchita pa nthawi yake. Ndawaika pamodzi.

Funso: Ndikuphunzira JavaScript pandekha, usiku ndikaweruka. Ndinalemba `setTimeout(onetsa, 2000)` kuti uthenga wakuti "Zasungidwa" uoneke pakatha masekondi 2. Pansi pake pali khodi yosanja mayina ambirimbiri a ophunzira. Uthengawo ukuoneka patatha masekondi 5. Ndasintha 2000 kukhala 0, koma ukuchedwabe. Kodi laputopu yanga yakalamba? *Wophunzira, Zomba*

Yankho: Laputopu isiyeni, achimwene, ilibe mlandu. Ngakhale mutagula yatsopano mawa, khalidweli likhalapobe, kungoti masekondi 5 aja akhala 3.

Ganizirani chigayo cha mgayitsi mmodzi. Mwafika ndi thumba lanu, mwamuuza kuti "ndikukagula mchere, pakatha mphindi ziwiri mundithirire changa." Iye wavomera. Koma mphindi ziwiri zikukwana ali pakati pa chimanga cha mayi wina amene wabwera ndi matumba atatu. Kodi azimitsa chigayo, n'kukokolola chimanga cha mayiyo kuti athire chanu? Sangatero. Amaliza kaye, kenako atukula mutu, aona kuti nthawi yanu yakwana kalekale, ndiye athira chanu. Sanakunamizeni. Chimene anavomera n'chakuti sathira mphindi ziwiri zisanakwane. Za kuti athira ndendende pa mphindi ziwiri, inu ndi amene munamva choncho.

JavaScript, kuyambira pomwe Brendan Eich anailemba ku Netscape mu 1995, khodi yanu imaiyendetsa ndi mgayitsi mmodzi. Chimene akatswiri amati event loop ndi kazunguliridwe ka mgayitsiyu: kutenga ntchito imodzi, kuigwira mpaka ithe, kubwerera kudzaona ngati pali ina. Mukaitana setTimeout, palibe kamunthu kamene kamakhala pambali n'kumayang'ana wotchi kuti kadzalowerere nthawi ikakwana. Chimachitika n'chakuti function yanu, imene amaitcha callback, imalembedwa m'kaundula pamodzi ndi nthawi imene iyenera kuyamba. Khodi yanu n'kupitirira pa mzere wotsatira nthawi yomweyo. Mzere wotsatirawo, kwa inu, ndi kusanja mayina kuja. Kumatenga masekondi 5, ndipo nthawi yonseyo palibe amene akutsegula kaundula. Kusanja kukatha m'pamene mgayitsi amatukula mutu.

Choncho 0 sikutanthauza "pompano". Imatanthauza "ukangopeza mpata". Ndipotu si 0 yeniyeni. Node.js, pulogalamu yoyendetsa JavaScript kunja kwa browser, ikalandira 0 imaisandutsa milisekondi 1 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). M'ma browser, malamulo a HTML amati setTimeout ikaitanidwa mkati mwa inzake, inzakeyo mkati mwa inanso, kupitirira kasanu, nthawi yocheperapo imakhala mamilisekondi 4. Yesani kalembedwe aka muone nokha:

```
setTimeout(() => console.log("nsima"), 0);
Promise.resolve().then(() => console.log("ndiwo"));
console.log("madzi");
```

Pazenera pabwera madzi, ndiwo, nsima. Madzi ndi oyamba chifukwa ali m'ntchito imene ikugayidwa kale. Ndiwo zatsogola nsima chifukwa za Promise (lonjezo la zotsatira zimene zidzabwere pambuyo pake) zili ndi mzere wake wapadera, wa timantchito tating'ono, umene mgayitsi amaumaliza wonse asanayang'ane kaundula wa nthawi. Tinene kuti ndi abale ake a mwini chigayo, salowa pa mzere wa anthu wamba. Ndipo achibale amenewa akamangoitanana, Promise kubala Promise osaleka, setTimeout yanu idikira mpaka kalekale.

Pali mbali ina imene ineyo imandikometsera nkhaniyi, moti ndiloleni ndikhalepo pang'ono. Nanga ntchito ikatha, mgayitsi amatani? Wina angaganize kuti amangozungulira n'kumafunsa kuti "yakwana? yakwana?" kambirimbiri pa sekondi. Akanatero, batire la foni yanu silikanafika masana. Amayang'ana kaundula, n'kuona callback imene ili pafupi kwambiri, tinene yatsala mamilisekondi 800. Ndiye amauza operating system kuti "ndikugona, undidzutse pakabwera china pa netiweki, koma chikapanda kubwera undidzutse pakatha 800." Pa Linux mawu amenewa amapita kwa epoll, pa macOS ndi FreeBSD kwa kqueue, pa Windows kwa IOCP. Mu Node.js, imene Ryan Dahl anaitulutsa mu 2009, ntchito yolankhula ndi zonsezi imagwiridwa ndi laibulale yotchedwa libuv. Ndiye kudikira nthawi ndi kudikira uthenga wa pa netiweki ndi tulo tomwetomwe. N'chifukwa chake seva imodzi yosaoneka bwino imatha kusunga ma timer zikwizikwi osatuluka thukuta: sikuyang'anira onse, ikuyang'anira mmodzi wapatsogolo. Kaundulayo amasanjidwa mwa mulu umene amati heap, mmene wapafupi kwambiri amakhala pamwamba nthawi zonse, ndipo kuikamo watsopano sikufuna kusanjanso onse.

Tsono chochita. Vuto lanu si setTimeout, ndi kusanja kwa masekondi 5 kuja, ndipo muona kuti nthawi imeneyo ngakhale batani la patsamba silikudinika. Njira ina ndi kuduladula ntchitoyo: sanjani kapena werengani mayina 500, bwezani mpata kwa event loop, pitirizaninso. Njira imene ine ndimakonda ntchito ikakhala yolemera ndithu ndi kulemba mgayitsi wachiwiri wa chigayo chake, Web Worker m'browser kapena worker_threads mu Node, agaye kumbali, akamaliza atumize ufa. Koma musanachite zonsezi, onani kasanjidwe kanu. Mayina a sukulu imodzi kutenga masekondi 5, ndikukayikira kuti mwaika loop mkati mwa loop.

Funso: Ndinalemba kapulogalamu ka Python ndi asyncio kothandiza gulu lathu la banki m'khonde. Kamayankha mauthenga a mamembala, komanso mphindi iliyonse kamayenera kuona ngati pali amene walipira. Mavuto ndi awiri. Kakamadikira, sikayankha aliyense. Chachiwiri, ndikakayatsa pa 8:00 ndendende, pofika madzulo kakuona pa nthawi zosokonekera ngati 17:43 ndi masekondi 26. Ndinayesanso call_later koma ikungondilembera kuti coroutine sinadikiridwe. *Msungichuma wa gulu, Area 25, Lilongwe*

Yankho: Mayi, choyamba ndikuyamikeni, chifukwa ambiri a ife tinaphunzira asyncio titakakamizidwa ndi bwana, inu mwaiphunzira chifukwa cha kabuku ka masheya.

Khodi yanu simunatumize, koma vuto loyambalo ndalimva kambiri moti ndingalumbire: penapake mwalemba `time.sleep(60)`. asyncio ndi event loop ya Python, nayo ndi chigayo cha mgayitsi mmodzi, ndipo time.sleep imagoneka mgayitsi mwiniwakeyo, chigayo chonse n'kuima mphindi yathunthu. Imene mukufuna ndi `await asyncio.sleep(60)`. Kunja zimaoneka ngati mapasa, mkati n'zosiyana. asyncio.sleep imalembetsa callback m'kaundula kudzera mu call_later (tinene kuti ndi setTimeout ya asyncio), n'kubweza mpata kuti ena athandizidwe, nthawi ikakwana callback ija imadzadzutsa inuyo. Ndipo si time.sleep yokha imene ili ndi khalidweli. Laibulale ya requests nayo ikamadikira yankho la pa intaneti imagwira chigayo chonse, ndiye tsiku limene netiweki yavuta mamembala onse adikira limodzi. Zotere zikankhireni kumbali ndi `asyncio.to_thread`, imene inabwera ndi Python 3.9. Mukafuna kugwira wakuba, yatsani pulogalamu ndi `asyncio.run(main(), debug=True)`. Callback iliyonse yotenga kupitirira mamilisekondi 100 idzalembedwa dzina, poyera.

Za call_later: imafuna function wamba, osati ya `async def`. Mukaipatsa ya async, imaiitana, n'kulandira coroutine (ntchito yokonzeka koma yosayambika), n'kuisiya pomwepo osaiyendetsa. Ndi chimene uthenga uja ukunena. Ipatseni function wamba imene mkati mwake ikuitana create_task kuti iyambitse coroutine ija ngati task, ndipo task imeneyo muisunge penapake, chifukwa event loop siigwiritsa zolimba, ingathe kusesedwa isanamalize.

Vuto lachiwiri ndi lamasamu. Mukuchita ntchito, kenako n'kudikira masekondi 60, kenako ntchito. Ngati ntchitoyo imatenga masekondi 2, ulendo uliwonse ndi masekondi 62, osati 60. Pa tsiku pali masekondi 86,400. Mumayembekeza maulendo 1,440, mupeza 1,393. Timasekondi tiwiri tija, pang'onopang'ono, tadya maulendo 47. Mankhwala ake ndi kusiya kunena "pakatha 60 kuchokera pano" n'kuyamba kunena "pa nthawi yakuti":

```
yotsatira = loop.time()
while True:
    await onani_malipiro()
    yotsatira += 60
    await asyncio.sleep(max(0, yotsatira - loop.time()))
```

Apa ntchito ikatenga masekondi 2 mudikira 58, ikatenga 7 mudikira 53. Kuchedwa kwa ulendo umodzi sikulowa mu unzake. Ndi ganizo lomwelo limene lili mu call_at, mnzake wa call_later, amene mumamupatsa nthawi yofikira m'malo mwa kutalika kwa kudikira. Chimodzi chokha muganizire: ntchito ikadzatenga mphindi zitatu tsiku lina, khodi ili pamwambayi ithamanga maulendo otsalirawo motsatizana osapuma kuti ipeze nthawi. Pa kuona malipiro palibe phindu kuona katatu motsatizana. Ine ndikanangolumpha otsalirawo.

Mwina mwadabwa kuti ndalemba loop.time() osati wotchi ya masiku onse. Mukaisindikiza muona nambala yopanda mutu, si tsiku, si ola. Kompyuta ili ndi mawotchi awiri. Ina ndi yapakhoma, imene imanena kuti ndi 8 koloko Lachiwiri. Imeneyi munthu atha kuisintha, nayonso kompyuta imaikonza yokha ikafunsa nthawi pa intaneti, ndipo ingabwerere m'mbuyo. Inayo imangowerenga chamtsogolo, sibwerera, amati monotonic. Ma timer a asyncio amadalira yachiwiriyi, ndipo ndi bwino choncho: tangoganizani mwati mudikire masekondi 10, pakati pake wotchi yabwezedwa ndi ola. Koma dziwani kuti pa Linux wotchi imeneyi imaima kompyuta ikagona. Mukatseka chivindikiro cha laputopu pa nkhomaliro, kwa ma timer anu ola limenelo kunalibe.

Mukapeza madzulo omasuka, tsegulani fayilo ya base_events.py m'kompyuta yanu momwemo, mufufuze `_run_once`. Ndi mizere yowerengeka ndithu. Zonse ndafotokozera mnzathu wa ku Zomba zili pamenepo m'Python yomveka: kuyang'ana wapamwamba pa heap, kuwerengera utali wa tulo, kugona, kusamutsira okwana nthawi pa mzere wa okonzeka, kuwayendetsa mmodzimmodzi. asyncio inalowa mu Python 3.4 m'chaka cha 2014, Guido van Rossum mwiniwake ndiye anaitsogolera, ndipo ine sindinaimvetse mpaka tsiku limene ndinawerenga function imodzi imeneyo.

Funso: Ndikufuna pulogalamu yanga ya Node izitumiza meseji kwa kasitomala pakatha masiku 30 atatenga katundu pa ngongole. Ndingogwiritsa setTimeout? Makasitomala ena ndi abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku Manchester amene amalipirira akwawo. *Wamalonda, Limbe*

Yankho: Ayi, bambo, musatero. Pano ndikulankhula ngati munthu amene anapsapo.

Zaka zapitazo ndinagwira kaganyu kolembera kabungwe kena pulogalamu yokumbutsa anthu za ngongole. Ndinayesa ndi masekondi 30, zinayenda. Ndinayesa ndi ola, zinayenda. Lachisanu madzulo ndinasintha nambala kukhala masiku 30, ndinalowetsa mayina onse, n'kutseka chikwama. Ndisanafike pa siteji ya minibasi foni inalira. Anthu amene anatenga ngongole m'mawa womwewo anali atalandira kale meseji yakuti nthawi yawo yakwana, abweze. Mayi wina anali atafika kale pa ofesi, risiti ili m'manja, nsalu atamanga m'chiuno. Amene anandiimbira sanakalipe. Anangofunsa mofatsa kuti, "Akulu, mwezi wa kwanu uli ndi maola angati?"

Chinachitika n'chakuti nambala imene setTimeout imalandira ili ndi malire: mamilisekondi 2,147,483,647, amene ndi masiku 24.8 kapena kuposa pang'ono. Malirewo amachokera pa kukula kwa malo osungira nambalayo, ma bit 32. Masiku 30 ndi mamilisekondi 2,592,000,000. Sikwana. Ikasefukira, Node siikana ayi, imaisandutsa milisekondi 1, n'kulemba kachenjezo kakuti TimeoutOverflowWarning, kamene ine sindinakaone chifukwa ndinali ndikuthamangira minibasi. M'browser nambala yoteroyo imasokonekeranso, nthawi zambiri callback n'kuyamba pomwepo.

Koma tiyerekeze ngongole yanu ndi ya masiku 14, yokwana bwinobwino m'malirewo. Yankho ndi lomwelo. Kaundula wa ma timer amakhala m'memory, ndipo moyo wake ndi wa pulogalamuyo basi. Magetsi akathima, seva ikayatsidwanso, mukakonza kachilembo kamodzi n'kuyambitsanso pulogalamu, kaundula yense wafufutika, ndipo palibe chimene chidzakuuzeni. Mudzangodabwa kuti mwezi uno anthu sakubweza. Inu ndi ine tikudziwa kuti kompyuta ya m'shopu kukhala masiku 14 osazimapo ndi nkhani ya m'nthano.

Chilichonse chimene mungadandaule chitatayika, chilembeni mu database: nambala ya kasitomala, tsiku ndi ola lotumizira, ndi malo olembapo kuti yatumizidwa kapena ayi. Ndiye timer ikhale yaifupi, ya mphindi imodzi kapena zisanu, ntchito yake kungofunsa kuti "alipo amene nthawi yake yadutsa koma sanatumiziridwe?" Kapena ntchito yofunsayo ipatseni cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi zoikika, imene yakhala ikuchita zimenezi pa Unix kuyambira m'ma 1970. Magetsi akabwera patatha maola 6, funso lomwelo litola onse otsalira. Onetsetsani kuti mawu ndi akuti "yadutsa", osati "yakwana ndendende", apo ayi amene nthawi yawo inakwana muli mumdima sadzapezekanso. Ndipo ganiziranitu za mphindi yoipa ija: meseji yapita, magetsi athima musanalembe kuti yapita. Pulogalamu ikadzuka itumizanso. Muyenera kusankha nokha chimene chili chopepuka, munthu kulandira kawiri kapena kusalandira n'komwe. Pa chikumbutso cha ngongole, kawiri palibe chovuta. Pakanakhala pa kudula ndalama mu akaunti ya munthu, bwenzi tikukamba nkhani ina yaitali.

Za abale akunja. Malawi ili maola 2 patsogolo pa UTC (nthawi imene dziko lonse limayezerapo mawotchi ake) chaka chonse, Johannesburg chimodzimodzi, ndiye kumeneko mulibe vuto. Ku Britain amasintha mawotchi Lamulungu lomaliza la Malichi ndi Lamulungu lomaliza la Okotobala. Kuyambira kumapeto kwa Malichi timasiyana nawo ola limodzi, kuyambira kumapeto kwa Okotobala maola awiri. Mukangolemba mu khodi kuti "Manchester ndi kuchotsa 2", kuposa theka la chaka muzilakwa. Sungani nthawi mu UTC, ndipo pambali pa kasitomala aliyense lembani dera lake mwa mayina ovomerezeka, Africa/Blantyre, Europe/London, laibulale iwerengere yokha. Meseji yofunsa ngongole ikafika pa 6 koloko m'mawa m'malo mwa 7, kwa munthu amene wangoweruka ntchito ya usiku, muona mayankho ake.

Funso: Ndinakonza tsamba la mayeso a pa intaneti, la mphindi 40. Ndimachotsa 1 pa sekondi iliyonse ndi setInterval, mnzake wa setTimeout wobwerezabwereza. Ana ena azindikira kuti akatsegula tab ina kukafufuza mayankho, wotchi imayenda pang'onopang'ono. Atha bwanji kuchita zimenezi? *Mphunzitsi, Mzuzu*

Yankho: Aphunzitsi, anawo sanathyole kalikonse, angopeza khomo losatseka. Ma browser amachepetsa dala ma timer a tsamba limene silikuoneka, pofuna kusunga batire. Kawirikawiri salola kuti aziyenda kupitirira kamodzi pa sekondi, ndipo kuyambira Chrome 88, ya mu Januwale 2021, tsamba limene labisika kupitirira mphindi 5 ndipo silikuliza mawu, ma timer ake obwerezabwereza amaonedwa kamodzi pa mphindi. Pa foni, tsamba lakumbuyo litha kuimitsidwiratu. Ndiye mwana akakhala kunja mphindi 15, wotchi yanu yawerenga pang'ono chabe mwa masekondi amenewo.

Musawerenge kulira kwa setInterval ngati kuti ndi masekondi. Sungani nthawi imene mayeso athere, ndipo setInterval ikalira, kaya yachedwa bwanji, ingochotsa nthawi ya panopa pa nthawi yotherayo n'kuonetsa chotsala. Mwana akabwerera ku tab yake apeza mphindi 15 zapitadi. Komabe pakangotha sabata mmodzi wa iwo adzazindikira kuti atha kubweza wotchi ya foni yake. Choncho nthawi yoyambira ilembedwe pa seva, ndipo seva ndiyo ikane mayankho ofika mochedwa. Muikepo chisomo cha masekondi angapo chifukwa cha netiweki. Wotchi ya patsamba ikhale yongoonetsa. Mwana amene anayamba kuzindikira za tab uja, musamulange kwambiri. Mupatseni khodiyo akuthandizeni kuikonza.